Injiniya Wakana

Ba Katongo, amalume ake a Tryness, anali munthu wosadziwa kusunga nkhani. Tryness atangowauza kuti ku labu ya kuyunivesite akuyeza madzi a nano, dera lonse la Kabwata linamva kuti mwana wa mlongo wawo watulukira zodabwitsa. Ngakhale kutchalitchi anazilengeza, pakati pa mapemphero othokoza.

Madzi a nanowo si matsenga ayi. Ndi madzi otchezedwa, ngati othira m'batire aja, osakaniza ndi ufa wa aluminiyamu wosalala zedi, woti kanjere kake sungakaone ndi maso. Kwa miyezi isanu Tryness ankayeza zinthu ziwiri: mmene madziwo amanyamulira kutentha, ndi mmene amayendera m'kapaipi kakang'ono. Manambala ake anali abwino, ndipo iye ankawakhulupirira chifukwa chilichonse ankachiyeza katatu.

Tsono amalumewo amapanga magiza a sola, zotenthetsera madzi zoika padenga zija, kuseri kwa msika. Osafunsa n'komwe, anakalonjeza bwana wina wa ku Kabulonga kuti Loweruka adzamuikira giza yoyendera madzi a nano. Imeneyi inali ntchito yawo yoyamba kumayadi, ndipo anali atagula kale ovololo yatsopano.

"Ba malume, ufa nizamipatsa," anatero Tryness Lachitatu, "koma muzasakaniza na manzi ya kuti?"

"Ya pa boholo yao. Manzi ni manzi, iwe."

Madzi ndi madzi! Munthu wobadwira mu Lusaka, amene mwezi uliwonse amapala laimu woyera m'ketulo yake, n'kumayankhula zotere. Tryness anakwera minibasi, anakatunga botolo limodzi pachitsime chobowola cha kunyumba ya bwanayo, n'kupita nalo ku labu.

Anayeza katatu monga mwa nthawi zonse. M'madzi a pachitsimewo ufa uja unkagwirana timibulu n'kumatsikira pansi. Kapaipi kanayamba kutsamwa, ndipo pofika Lachisanu m'mawa madziwo ankangodontha. Mtima unamupweteka kwambiri. Amalume amenewa ndi amene anamulera mayi ake atamwalira, ndipo chibadwire anali asanawakanizepo kanthu. Koma ankadziwanso kuti giza ikakatsekeka ku Kabulonga, dzina la Katongo silidzatchulidwanso kumayadi konse.

Masana Tryness anafika pamalo ogwirira ntchito a amalumewo n'kuika mabotolo awiri pathebulo. Lina linali loyera lonse ngati mkaka, lina linali ndi matope pansi.

"Iyi ni ya ku labu, iyi ni ya boholo. Giza yanu izatsekeka mwezi ukalibe kusila. Mailo Loweruka musaike."

"Tizakhutchumula chabe botolo."

"Muzayenda ku Kabulonga tsiku lililonse kukakhutchumula giza pa mutenge?"

Ba Katongo anakwiya. Ananyamula botolo lamatope lija, analitembenuza, analiyang'ana padzuwa.

"Nanga tikagula manzi ya mu batire?"

"Ingasebenze, koma nikalibe kupima mu mapaipi yanu. Nipatseni masabata yatatu."

"Ninakupeleka ku sukulu kuti uzinikana ine?"

"Ee, ba malume. Pa ichi nakana."

Amalumewo anabwezera botolo lija pathebulo. Kenako anatulutsa foni, n'kuimirira pakhomo pamene amakanika onse a mumzerewo akanatha kumva.

"Bwana, shani? Mailo sitizabwela," anatero mokweza, chifuwa chili patsogolo. "Iyayi, kulibe vuto. Injiniya wanga wakana."