Sikweya Yolobodoka

Apongozi anga aamuna atasiya ukalipentala chifukwa cha maso, anatisungitsa bokosi lawo la zida. Linakhala zaka ziwiri kuseri kwa chitseko, mpaka Loweruka lina bambo a kunyumba atanena kuti akufuna kundikhomera shelefu kukhitchini. Bambo a kunyumbawa ndi dalaivala wa basi. Chibadwire sanakhomepo msomali n'kuwongoka, koma amati ukalipentala uli m'magazi.

M'bokosimo, pansi pa macheka, tinapezamo chinthu chachilendo. Chinali ndi chogwirira cha thabwa lakuda, mkuwa kumapeto, ndi kachitsulo kopyapyala kong'ambika pakati. Kachitsuloko kankazungulira pa kasikuluwu n'kubisala m'thabwamo.

"Ndi mpeni uwu," ndinatero. Nditauyesa pa anyezi, anyeziyo anangodumpha n'kukabisala kunsi kwa kabati.

Tinaitana aneba athu, ometa tsitsi. Anachitembenuzatembenuza, kenako anachinunkhiza.

"Lumo lakale ili," anatero. "Azigogo ankametera ndevu. Langobuntha basi."

"Nonse mwaphonya," anatero bambo a kunyumba. "Iyi ndi sikweya, ija amaonera ngati ngodya yaima bwino. Kungoti yalobodoka ndi ukalamba. Ndiikonza."

Za shelefu zinathera pomwepo. Chinthucho anachiimika chilili pangodya ya chitseko, anathira guluu, n'kukhoma misomali iwiri kudutsa pong'ambika paja. Pofika masana chinali chitauma gwa.

Mawa lake apongozi anabwera kudzationa. Asanamwe n'komwe madzi, mwana wawo anawaikira chinthucho m'manja.

"Bambo, sikweya yanu ija ndaichiritsa."

Apongozi anavala magalasi. Anayesa kupinda kachitsuloko ndi chala, kenako ndi manja onse awiri. Atalephera anakhala pampando pang'onopang'ono, ngati alandira uthenga wa maliro.

"Iwe," anatero, "ukaona munthu akupinda bondo, umamuthamangitsira kuchipatala kuti akamuike pulasitala?"

"Koma imagwedera, bambo."

"Kugwederako ndiye ntchito yake! Iyi ndi bevulo. Sikweya imadziwa ngodya imodzi yokha, iyi imadziwa zonse. Mwendo wa mpando ukakhala wopendekera, umaigunditsa pamenepo, n'kumanga kasikuluwu aka, ndiye kuti ngodyayo wainyamula. Ukapita nayo pathabwa lina, mwendo wachiwiri utuluka wofanana ndi woyamba. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuidontheza mafuta kuti isalimbe. Iwe tsiku limodzi lokha!"

Bambo a kunyumba anakanda m'mutu. "Komatu ometa aja amati ndi lumo. Ndipo awa," anandiloza ine, "amadulira anyezi."

Ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti pamoto pali madzi a tiyi.

Nditabwerako ndinapeza apongozi akuzula misomali ija ndi pulayala, mwana wawo ataimirira patali manja kumbuyo. Guluu tinamuviika m'madzi ofunda mpaka anafewa. Kachitsulo katayambanso kuzungulira, nkhope ya apongozi inamasuka. Anandiitana, nandigwiritsa bevuloyo pamwendo wa mpando womwe anakhalapo, ine n'kumanga kasikuluwu ndekha. Titaigunditsa pamwendo winawo, inakhala ndendende. Mpandowo apongoziwo anaupanga okha ukwati wathu usanachitike.

Pochoka anaika bevulo m'thumba la jekete. Bokosi analitseka ndi loko, kiyi n'kundipatsa ine.

"Mayi," anatero, "mwana wangayu akadzapempha hamala, muziyamba mwamufunsa kuti chalakwa n'chiyani, ndipo chalakwira ndani."