Mwana Wosakhazikika

Loweruka masana banja lonse linali pabalaza likumwa tiyi ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene anabwera kudzacheza. Mzime yekha, mtsikana wotsiriza kubadwa, ndiye anali kuchipinda. Tsikulo timu yake ya masewera apakompyuta inkasankha opita kumpikisano waukulu, ndipo malo otsala anali amodzi.

Chitseko chinatseguka. Mzime anatuluka nayamba kuyenda ndawala kuchoka kuchipinda kukafika kukhitchini, uku akupukusa mikono ndi kudumphadumpha.

"Alamu, mwanayu ali bwinobwino?" anafunsa azakhali. "Aka n'kachitatu. Ngati nkhuku yosowa poikira!"

Bambo anaseka mpaka kutayira tiyi pamalaya. Mayi anagwidwa ndi manyazi.

"Iwe, sukuona kuti pali alendo?"

"Ndi nthawi yopumira, amayi. Aphunzitsi a timu amati tikamaliza gawo tizidzuka, magazi ayende. Ndikangokhala mutu umalemera, ndimachedwa kuganiza."

"Umaganizira miyendo? Kakhale pansi. Usatulukenso mpaka umalize."

Mzime anayang'ana bambo ake, koma iwo anali kalikiliki kupukuta malaya. Mtsikanayo analowa kuchipinda natseka chitseko pang'onopang'ono.

"Kulera ndi kumeneko," anatero azakhali. "M'mera mpoyamba."

Mzime sanatulukenso. Azakhali atatsanzika, mayi anasuzumira kuchipinda. Anapeza mwana atavula zomvera m'makutu, akungoyang'ana khoma.

"Zatha bwanji, mama?"

"Magawo oyamba ndinapambana. Enawo ndimamuona mdani akubwera, koma dzanja limayankha mochedwa. Kenako ndinawombera mnzanga wa timu yathu yomwe. Atenga wina. Akuti ndidzayeserenso mwezi wamawa."

Mzime sanawaloze chala mayi ake. Bola akanalalata, mayi akanapeza pomuyankha. Iwo omwe akasoka nthawi yaitali ankadzuka pamakina n'kukaima pakhomo, kuti akabwerera ulusi ulowe msanga m'singano. Palibe amene anawatchapo nkhuku.

"Inu munangoseka basi," anauza amuna awo kukhitchini.

"Nanga amene analamula ndani?"

Mayi anatsuka kapu yomwe anali atatsuka kale.

M'mawa mwake anachapa n'kuyanika. Kuchipinda kunkamveka mabatani, tekete-tekete. Mwana anali atayambiranso kuyeserera. Phokoso linaleka, linayambanso, linalekanso, koma chitseko sichinatseguke. Mayi anaima pakhomopo, dzanja lili m'mwamba, mpaka mabatani atakhalanso chete. Anagogoda.

"Kandianulire zovala panja. Uthamange."

Mzime anathamanga. Anabwera atazikumbatira zonse, bulauzi yake itanyowa pachifuwa, akupuma mwawefuwefu.

"Amayi, sizinaume izi."

"Ndikudziwa," anatero mayi, osamuyang'ana kumaso. "Ziike m'beseni. Ukamaliza gawo linalo, ukaziyanikenso."