Chitenje pa Chiboliboli

Pakapaki kena ku Cannington, dera la mumzinda wa Perth, kuseri kwa nyumba ya Edda, pali chiboliboli chamkuwa cha mayi wa ku Mangalande amene ankachita mafilimu ndi kuimba m'zaka za m'ma 1950. Anachiimika ndi azungu okalamba a m'deralo, omwe anakula akumva nyimbo zake asanasamukire ku Perth. Wosula anamuumba akuvina: kukamwa yasa, dzanja m'mwamba, diresi litakwera, ntchafu zonse pamtunda. Edda, yemwe ndi namwino, ankadutsapo tsiku ndi tsiku osachiyang'ana kawiri.

Amayi ake atabwera kuchokera ku Dowa kudzathandiza kulera khanda la Edda, anachiona tsiku loyamba lomwe. Anaima chilili.

"Ameneyu ndani?"

"Woimba wakale, Amayi. Anamwalira kalekale."

"Anamwalira? Ndiye amusiya chonchi? Alibe abale?"

Edda anangoseka n'kupitiriza ulendo, ndipo apo ndi pomwe analakwitsa. Kwathu mkazi akagwa pamsewu nsalu n'kumasuka, amayi anzake safunsa kuti ndi wa kwa yani, amayamba amufunditsa kaye. Nanji womwalira, woti sangadzikokere yekha diresi!

M'mawa mwake chiboliboli chinadzuka chitavala chitenje chachikasu, chomangidwa mwaluso m'chiuno. A khonsolo anachichotsa. Tsiku linalo chinadzuka ndi chobiriwira. Zithunzi zinayamba kuyenda pagulu la pafoni la anthu a m'deralo. Ena ankaseka, ena ankati ndi ana osaleredwa bwino, winanso anafunsa ngati si zamatsenga. Edda anaona chithunzicho ali pa shifiti, ndipo anazindikira pomwepo: chitenje chobiriwiracho anachita kugula yekha kusitolo ina ku Mirrabooka. Kunyumba sananene kanthu. Anadziuza kuti zitenje zikatha m'sutikesi nkhaniyo idzafa yokha, ngati kuti zitenje za mayi wa ku Dowa zimatha.

Chomwe chinkamudetsa nkhawa kwenikweni anali Samantha, wapampando wa komiti yosamalira pakiyo. Kwa nthawi yaitali Edda ankangolandira moni wa pampanda, koma posachedwa Samantha anali atayamba kumuitanira ku khofi wa Loweruka, komwe amayi a m'deralo amakamba za sukulu ndi za agalu awo. Edda ankaukonda mpando umenewo kuposa mmene akanavomerera. Ndi chifukwa chake anali asanauze ngakhale mmodzi kuti kunyumba kuli mlendo.

Loweruka limenelo Edda ndi anzake a khofiwo anakhala panja, pathebulo loyang'ana kupaki, ndipo nkhani inali ya chiboliboli yomweyo. Edda ankatakasa khofi wopanda shuga, akumwetulira pamene ena amwetulira. Kenaka anawaona amayi ake akubwera, duku kumutu, chitenje chofiira chitapindidwa kukhwapa. Masiku onse ankapita mbandakucha, koma tsikuli khanda linawachedwetsa.

Amayiwo anavula masilipasi, n'kukwera pamwala pomwe paima chiboliboli. Anazunguliza nsalu m'chiuno mwa malemuyo mosafulumira, n'kuikokera pansi kuti ifike m'miyendo, monga amavekera mtsikana woyamba kumene kuvala chitenje. Mafoni awiri anali atakwera kale m'mwamba.

Potsika, anamuona mwana wawo. Nkhope inawala. Anavala masilipasi n'kulunjika kuthebulo kuja, manja atagwirana, kuti akapereke moni kwa anzake a mwana wawo monga munthu woleredwa.

"Edda, akuoneka ngati ndi a kwanu komweko," anatero Samantha m'Chingerezi, mawu ake opanda chipongwe n'komwe. "Ukuwadziwa?"

Akanangoti ndi amayi anga, bwenzi zitathera pomwepo, mwina ndi kuseka pang'ono. Koma mantha alibe ulemu, amalankhula mwini wake asanaganize.

"No," anatero Edda.

Amayi ake Chingerezi sadziwa, koma liwu limenelo ngakhale ku Dowa amalimva. Anali atayamba kale kupinda maondo. Sanabwerere m'mbuyo. Anamaliza ulemu wawo, n'kuomba m'manja motsitsa, kupereka moni kwa aliyense pathebulopo, mmodzimmodzi. Atafika pa Edda anamupatsa moni womwewo, wa mlendo, maso ali pansi. Kenaka anatembenuka n'kumapita.

"Ndi aulemu bwanji," anatero Samantha, akutsitsa foni. "Mwina tingowasiya. Nsaluzo n'zokongola."

Mawu amenewo ndi amene anamumaliza Edda. Palibe amene akanamuthamangitsa pathebulopo. Amayi ake anawakana pachabe. Manyazi anamugwira. Anadzuka osatsanzika, chikwama n'kuchisiya pampando.

Anakawapeza pakona, pafupi ndi poimira basi, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda.

"Amayi," anatero. "Amayi, ndikhululukireni. Tiyeni tibwerere, ndikawauze kuti ndinu ndani."

Amayiwo anasuzumira kumbuyo kwake, kuthebulo kuja, kuona ngati pali amene akuyang'ana. Analankhula motsitsa, mopanda mkwiyo, ngati akumuthandiza kubisa chinthu.

"Tsogolani, mayi. Ine ndibwera pambuyo, njira ndikuidziwa. Angatione tili limodzi."