Jenereta Itakhala Chete

A Dizilo ankaimva jenereta ngati mmene mayi amamvera kulira kwa mwana wake. Anatha zaka makumi awiri akukonza majenereta pakhonde la shopu yawo, moyang'anana ndi chipatala, ndipo yachipatalayo ankaidziwa mpaka kakhosomoledwe kake. Magetsi akazima, ankaika sipanala pansi n'kuyamba kuwerenga. Asanafike khumi, chimkokomo chinkabuka kutsidya kwa msewu, iwo n'kupitiriza ntchito.

Za sola sankafuna n'kumva komwe. Mahotela, masukulu ngakhale ometa tsitsi anali atakhoma magalasi a sola pamadenga, ndipo makasitomala ankangotha mmodzimmodzi. Achipatala atakhoma awo, bambowa anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Zotchajira foni izo! Tsiku latsoka adzandifuna chogwada," anatero.

Tsiku latsoka linabweradi, koma linagogoda pakhomo pawo. Akazi awo anagonekedwa ndi chibayo, ndipo ankapuma mothandizidwa ndi makina oyendera magetsi. Namwino sanapite m'mbali. Anawauza kuti makinawo akangoima mphindi zingapo, zinthu ziipa.

Lachitatu masana, a Dizilo akumasula kabuleta ya jenereta ina, wailesi ya m'shopu inaduka mawu. Magetsi apita. Anaika sipanala pansi monga mwa nthawi zonse n'kuyamba kuwerenga. Anafika khumi, zii! Anafika makumi awiri, ziii! 

Anatola sipanala ija n'kuliyatsa liwiro. Munthu wamkulu, wa mimba yake, kudumpha ngalande ngati mwana wasukulu! Nsapato imodzi inatsalira pakati pa msewu, oyendetsa magalimoto akutukwana.

"Bambo, nthawi yoona odwala sinakwane!" anakuwa mlonda wapageti, akuwathamangira.

Iwo sanacheuke. Mwendo wa makaniko unawafikitsa kukanyumba ka jenereta, kuseri kwa mawodi. Anakankha chitseko n'kuima chilili, kukamwa yasa. Munalibe kanthu. Pasimenti panangotsala banga lakuda la oilo ndi mabauti anayi.

"Yabedwa?" anafunsa.

"Ayi bambo," anayankha mlonda uja ali wefuwefu. "Inapita Lolemba. Ogula zitsulo zakutha anaitulutsira geti lakumbuyo."

Zitsulo zakutha! Koma panalibe nthawi yolira chitsulo. Mphindi zinali zitapita kale, ndipo a Dizilo ankadziwa tanthauzo lake. Analowera kuwodi ya amayi misozi ili chuchuchu, akuganiza kale mmene akauzire ana.

Atafika pakhomo la wodi anadzidzimuka. Babu linali kuyaka. Makina aja ankang'ung'udza pang'onopang'ono ngati mphaka wokhuta. Akazi awo anali atatsamira pilo, kapaipi kali m'mphuno, akusenda lalanje.

"Bambo a ana, nsapato ina ili kuti?" anafunsa mayiwo.

"Magetsi... magetsi azima," anatero a Dizilo.

"Azima?" Namwino anayang'ana babu lija. "Kuno sitinadziwe n'komwe. Dzuwa limadzaza mabatire, ndiye akazima kunjako, kuno saphethira."

A Dizilo anagwira chitsulo cha bedi kuti asagwe. Anasangalala, inde, chisangalalo chofoola thupi lonse. Koma anachitanso mantha. Zinthu zimene ankaziseka zija zinali zitasunga moyo wa akazi awo mwakachetechete, osapempha dizilo, osapemphanso iwo.

Mayi aja anayang'ana dzanja la amuna awo n'kumwetulira mofooka.

"Nanga sipanalayo mwabwera kudzakonza chiyani?"

Bambowo anaiyang'ana nthawi yaitali, ngati chinthu chotola pamsewu.

"Palibe, mayi," anayankha. "Palibe chokonza."

Anaiika pansi pa bedi, n'kukhala pampando phazi limodzi lili lopanda nsapato. Kenaka anayamba kuwerenga kupuma kwa akazi awo. Atafika khumi, anayambiranso.