Dzina la Phineas pa Lisi

Keziah Mpundu anagula fulati ku Kabwata mu 1974 ndi ndalama za utelala. Pamapepala analembetsa mayina awiri, lake ndi la mwamuna wake Phineas, poti amalume ake anati mkazi wapabanja sakhala ndi nyumba yekha. Lisi, pepala la boma lowaloleza kukhala pamalopo, inali ya zaka khumi ndi zinayi. Zakazo zisanathe, Phineas analongedza masuti ake ndi wailesi n'kukalowa kwa mkazi wina ku Chelstone, dzina lake Emmy, kumusiya Keziah ndi ana.

Pofika 1988 lisi inatsala ndi miyezi yochepa. Keziah anapita kwa loya wina pa Cairo Road, bambo Abson Kabamba. Iwo anati kuwonjezera zaka n'kosavuta, bola eni ake onse awiri asayine.

"Ba Phineas ndiwalembera kalata," anatero.

Kalatayo inali ndi mtengo wake. Yachiwiri chimodzimodzi. Telefoni yoimbira kuntchito kwa Phineas ankalipira Keziah, ngakhale tsiku limene sinayankhidwe. Mwezi ndi mwezi mitengo inkakwera, bambo Kabamba akuti vuto ndi kwacha. Keziah anagulitsa mashini ake osokera aakulu, natsala ndi akale opukusa pamanja.

Tsiku lina Phineas anabwera ku ofesi ya loya, atavala tayi. Anapezeka kuti iye ndi loyayo anaphunzira sukulu imodzi ku Kasama. Anaseka, nakumbutsana za aphunzitsi ndi za mpira, Keziah ali pampando wapakona. Pomaliza Phineas anakankha pepala loti asayine lija.

"Nisayina ngati dzina langa likhalapo, na chipinda chimodzi niikemo munthu wa lendi."

Phineas atatuluka, mlembi wa loya anapatsa Keziah bilu ya msonkhanowo.

"Ndilipire chiyani? Kuseka kwanu?" anakalipa Keziah mpaka a m'maofesi ena anasuzumira. "Mwakamba za mpira, ine ndilipire? Munthu uja sanagulepo ngakhale loko wa pachitseko!"

"Amayi, nthawi ya loya ndi ndalama," anatero bambo Kabamba akutseka chitseko chawo.

Keziah sanabwerere ku Kabwata. Anakwera minibasi ya ku Chelstone mtima ukuwira. Pamsika anafunsa nyumba, ndipo anapeza Emmy akuyanika zovala. Phineas anali atakhala pakhonde, nsapato atavula.

"Sindinabwerere mwamuna," anatero Keziah mokweza kuti oyandikana nawo amve. "Mutengeni, mumukazinge, mumudye. Ndabwerera nyumba yanga. Ndinasoka mayunifomu mpaka maso kuchita mdima, lero iyeyu akufuna chipinda!"

Emmy anaika pansi beseni, nayang'ana Phineas.

"Chipinda ku Kabwata? Cha chani? Munaniuza kuti kuja munasiya zonse."

"Ni nkhani ya malamulo iyi, siungamvetse."

"Namvetsa bwino. Mufuna pothawila mukatopa na ine." Anatembenukira kwa Keziah. "Amayi, mailo mamawa muzatipeza kwa loya."

Mawa lake awiriwo anabweradi. Emmy anaimirira kumbuyo kwa mpando, chikwama chili kukhwapa, mpaka Phineas anasayina kuti wasiya gawo lake. Za mpira sizinakambidwe.

Keziah ankaganiza kuti zatha. Koma bambo Kabamba anati kuchotsa dzina ndi ntchito ina, yosiyana ndi kuwonjezera zaka, ndipo ili ndi mtengo wake, kuphatikizapo masitampa ndi munthu wodzayeza malo. Keziah anatukwana, koma analibe kolowera: mapepala onse anali m'kabati ya loyayo. Anagulitsa kabati yake ya mbale ndi mipando ya pabalaza. Ana ake ankadyera pamkeka.

Lisi yatsopano inatuluka mvula itayamba. Inali ya zaka makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi, dzina lake lokha. Bambo Kabamba anaimirira akumwetulira, natambasula dzanja.

"Mwapambana, amayi."

Keziah analiyang'ana dzanjalo osaligwira.

"Wapambana ndinu. Ine ndagula nyumba yanga kawiri."

Anakulunga pepalalo m'chitenge, natsika. Pamsika wa Kabwata anafotokozera mayi aliyense wobwera kudzasoketsa, akutchula dzina la loyayo ndi nambala ya chitseko chake. Ena ankaseka, iye osaseka. Amalume ake atabwera kudzamuyamikira, anawapatsa madzi akumwa ali chiimire, nawauza kuti pokhala palibe.