Loko wa a Gwedeza

1.
Yatengedwa ndi F. Gwedeza. Sinabwezedwe.

Awa ndi mawu amene Elube Mtambalika amawapeza pa sikirini m'mawa uliwonse, asanavule n'komwe juzi. Pambali pake pali kaloko kofiira. A Gwedeza anaikidwa m'manda masabata atatu apitawo.

2.
Pulogalamu ija tisainamizire, khalidwe lake ndi labwino. Ku ofesi ya magazini ya kafukufuku wa zaulimi, kumene Elube ndi mkonzi wothandizira, fayilo imagwiridwa ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Ukaitenga imatsekeka. Anzako amaiona, koma kuikhudza ayi, mpaka utaibweza. Kale anthu anayi ankakonza pepala limodzi aliyense kwake, n'kutuluka mapepala anayi osamvana ngati ana a mitala. Ndiye anagula pulogalamuyi kuti pakhale mwambo.

Amene anaipanga anaganizira zonse. Magetsi kuzima. Netiweki kuthawa. Munthu kupita ku tchuthi. Za minibasi yophulika tayala pa msewu wa Zalewa sanaganizireko.

3.
Zimene zili m'fayilomo:

kuunika kwa makafukufuku 21 a matumba osungira chimanga popanda mankhwala
dzina la wolemba, Ndaona Msusa, amene akudikira yankho kuyambira mwezi wa Meyi
chiganizo chakuti matumbawa amagwira ntchito paliponse m'dziko muno
ndemanga za wounika woyamba, mizere isanu, yaulesi
ndemanga za wounika wachiwiri, a Gwedeza, zimene palibe anaziona
dzenje

4.
Dzenjelo anakumba ndi Elube.

Makafukufuku anabwera 24. Atatu a ku Chigwa cha Shire anali ndi maina ofanana ndi ena, ndipo linali Lachisanu masana, mutu ukuwawa. Anawakokera mu foda ya zobwereza osatsegula ndi imodzi yomwe, n'kulembera Ndaona kuti awachotse pa mndandanda. Ndaona ndi wachilendo pa ntchitoyi, sakanatsutsana ndi mkonzi. Anachotsa.

Atatu amenewo ndi okhawo amene ankanena zina: kuti kotentha kuja, pakatha miyezi inayi, anankafumbwe amalowa ndithu. Elube ali pa miyezi yoyesedwa ntchito. Zoterezi zikamveka, kalata yomuchotsa ntchito ikhala ya mizere iwiri.

5.
Lachinayi lomaliza a Gwedeza asanamwalire, foni.

Elube, ndi Gwedeza kuno.
Eee bambo, mwaswera bwanji?
Ndaswera. Mwana wanga, mu foda ya zobwereza muli zinthu zitatu zosabwereza. Anaikamo ndani?

Elube anayang'ana foda ija pa sikirini.

Basi musavutike, pulogalamu yandiuza kale. Ndalemba zonse m'fayilo. Ndibweza Lolemba.

Loweruka, Zalewa.

6.
Wyson wa makompyuta ndi bambo wa dazi lake, amalankhula akutafuna kamtengo ka machesi.

Njira ndi ziwiri, achemwali, akutero. Ndithyole loko. Mphindi imodzi basi. Koma zonse analemba madala aja zitayika, chifukwa zili mu laputopu yawo, kuno sizinafike. Apo ayi mukapeze laputopuyo, fayilo muibweze kuchokera mmenemo.
Palibe njira yachitatu?
Palibe. Khoswe wakhala pa mkhate ameneyu.

Anzake a mu ofesi anagwedeza mitu mwachisoni. Mawu omaliza a munthu, kungowataya ngati madzi otsukira mbale? Elube naye anagwedeza. Koma mumtima ankadziwa kuti m'chipinda chonsecho ndi iye yekha amene kusweka kwa mkhatewo kukanamukomera, ndipo anachita manyazi.

7.
Iwe Elube ukudziwa kuti ukangoti Wyson thyolani palibe adzakufunse kanthu chifukwa wounika wina apezeka mawa lomwe ndipo ameneyo sadzatsegula foda ya zobwereza poti ndani amatsegula foda ya zobwereza kupatula nkhalamba imene inkawerenga ngakhale manambala a masamba ndipo pepala lituluka ndipo ntchito akukhazikitsa ndipo mayi ako kumudzi auza mpingo wonse kuti mwana wawo ndi mkonzi ndipo kwinakwake ku Nsanje mayi wina amasula thumba mwezi wa Januwale n'kupeza fumbi lokhalokha koma iwe sudzamuona mayi ameneyo sudzadziwa dzina lake ndipo unalira pa maliro paja anthu n'kumati ankawakonda zedi mwana uyu pamene iwe wekha ukudziwa kuti uthenga utafika Loweruka lija chinthu choyamba chimene chinabwera mumtima mwako misozi isanabwere chinali chakuti ndapulumuka

8.
Yatengedwa ndi F. Gwedeza. Sinabwezedwe.

9.
Elube anapita ku Matawale, kunyumba kwa a Gwedeza, sabata yachiwiri, atanyamula shuga ndi sopo. Mkazi wa malemu, aNambewe, anamulandirira pa mkeka, atavala zakuda, maso ouma.

Mwabwera kudzapepesa kapena mwabwerera makina?
Zonse ziwiri, mayi.
Mwayankha zoona, zikomo. Koma katundu wa malemu satuluka pakhomo abale asanakhale pansi. Ngakhale supuni. Akumana mwezi ukatha.

Laputopu inali pomwepo, pamwamba pa kabati, itafundidwa kansalu koluka. Elube anaiyang'ana kamodzi. ANambewe anamuyang'ana iyeyo nthawi yonse.

Pobwerera anapeza kuti mtima wake wapepuka, poti mlandu wakankhidwira kutsogolo. Anaiwala dala kuti mlandu suola.

10.
Lolemba lililonse, 8 koloko, pulogalamu imalembera akufa.

Okondedwa F. Gwedeza, fayilo yanu yachedwa ndi masiku 9. Chonde bwezani.
Okondedwa F. Gwedeza, masiku 16. Chonde bwezani.
Okondedwa F. Gwedeza, masiku 23.

Kope imapita kwa mkonzi wothandizira. Elube amawerenga, n'kutembenukira ku mpando wa pakona umene a Gwedeza ankakhalapo akabwera Lachitatu, chipewa pa bondo, akudandaula kuti tiyi wa pano ndi madzi ofunda chabe. Dzuwa lili phwee, mafoni akulira, wina akuseka m'khonde. Mpandowo palibe wakhalapo. Palibenso anauza anthu kuti asakhalepo.

11.
Ndaona Msusa amaimba mwaulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene umalasa.

Pepani aunt, sikuti ndikukuthamangitsani. Kungoti a bungwe lothandiza alimi lija akufuna agawe matumba ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu asanakolole, ndiye akudikira pepala lathuli. Akuti likangotuluka basi, ayamba.
Tikuyesetsa, achemwali.
Ndikudziwa. Mwandithandiza kwambiri inu, makamaka pa zobwereza zija. Ndikanachita manyazi.

Elube anaika foni pansi pang'onopang'ono, ngati dzira.

12.
Lachisanu mkonzi wamkulu analamula: tadikira mokwanira, thyolani. Wyson anatsegula tsamba lake, muvi uli pa batani, kamtengo ka machesi kataima pakamwa.

Ndidine?

Apa mpamene Elube anali ndi pothawira. Sakanalankhula n'komwe, kungokhala chete kukanakwana.

Dikirani mpaka Lolemba. Abale akumana mawa.

Mawuwo anatuluka okha. Musamutame Elube, sanali kulimba mtima. Anangoona kuti loko akathyoledwa, nkhalamba ija idzakhala ikumuimbira foni Lachinayi lililonse moyo wake wonse, ndipo anachita mantha.

13.
Loweruka masana, Elube pofika ku Matawale, abale anali atagawana katundu. Masuti kwa mphwawo. Njinga kwa mwana wa mlongo wawo. Mabuku palibe anawafuna. Laputopu ipita ku Mchinji mawa, koma lero, pakhonde, aNambewe anaiika pa kastulu n'kulemba okha mawu achinsinsi ndi chala chimodzi.

Fayilo inatseguka pamene anaisiyira. Makafukufuku atatu aja anali atabwezeredwa pa mndandanda. Chiganizo cha paliponse m'dziko muno chinali chitadulidwa ndi mzere wofiira. Ndemanga masamba anayi, zolembedwa bwino, zopanda mkwiyo. Pansi penipeni, m'bokosi la uthenga wopita kwa mkonzi wamkulu:

Atatuwa anachotsedwa molakwika. Ndine ndinauza a Mtambalika kuti awachotse, ndisanawawerenge bwino. Cholakwa ndi changa. F.G.

Elube anawerenga katatu. Mwezi wathunthu ankaopa chala chomuloza. Ichi chinamuwawa koposa.

14.
Anandiwerengera Lachisanu lija, tsiku limodzi ngozi isanachitike, akutero aNambewe. Pakhonde pompano. Ndinati bambo, zaka makumi atatu simunanamepo pa ntchito, muyambe lero? Akuti mwanayo ali pa miyezi yoyesedwa, ine Disembala ndikupuma, andichita chiyani. Tinakangana. Ndi mkangano wathu womaliza umenewo, ndipo unali wa inu.

Mayi, ine—

Makinawa ndikanakupatsani tsiku loyamba lija. Abale sakanadziwa n'komwe kuti alipo. Ndimafuna ndione ngati mubwerenso. Ndimafuna ndidziwe kuti mwamuna wanga wadetsa dzina lake chifukwa cha munthu wotani.

Elube anaika dzanja pa makiyi.

Ndifufute mzerewu. Ndilembe zoona.
Mukalemba pamenepo, ilemba kuti walemba ndani?
Iwo.
Ndiye chotsani dzanja. Anatha kulankhula amenewo, musawalankhulitsenso. Bwezani mmene anasiyira. Zanuzo mukalembe Lolemba, m'dzina lanu.