Mabelo Makumi Anayi a Rakele

"Ndinu wakuba, malume! Mwandibera mpaka dzina langa!"

Rakele anakuwa mawuwa pakati pa msika wa Malomo, dzuwa lili paliwombo, ataima kutsogolo kwa sikelo imene a Kalebe, alongo awo a mayi ake, anapachika pamtengo wa mango. Alimi amene anali pamzere ndi matumba a soya anatembenuka onse.

"Iwe mwana, wadzuka nazo zotani lero?" a Kalebe anafunsa uku akumwetulira mokakamiza. "Za pabanja timakambira kunyumba."

"Kunyumba ndabwera katatu. Katatu konse akazi anu akuti mwapita ku Madisi, njinga yamoto ili pakhonde pomwepo."

Wina pamzerepo anaseka, koma Rakele sanabwere kudzaseketsa anthu.

Nkhani inayamba mu Epulo. A Kalebe, venda wodziwika kuyambira ku Malomo mpaka ku Kasakula, ankagula fodya m'midzi pamtengo wolira, koma laisensi yogulitsira ku okushoni analibe. Rakele anali nayo, ya kamunda kake ka ekala imodzi kamene anamusiyira malemu mayi ake. Malumewo anabwera ndi paketi ya shuga ndi mawu ozuna. "Timabelo tiwiri titatu tokha, mphwanga, tidutsire pa nambala yako. Ndikugulira matumba awiri a feteleza." Amalume ako ungawakanize bwanji? Anavomera.

Timabelo tiwiri tija tinaswana mpaka kukwana makumi anayi. Ndalama zikalowa mu akaunti yake, a Kalebe ankamukweza panjinga yamoto kupita naye kubanki kuboma, iye nkusayina, iwo nkulandira mpukutu, kenako nkumugulira banzi. Feteleza sanaoneke.

Ulendo womaliza zinalowa zambiri nthawi imodzi, mamiliyoni khumi ndi awiri. Rakele atapita yekha kukatapa zake zenizeni, za mabelo atatu amene anakolola ndi manja ake, kalaliki anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, kenako anamuitanira m'kachipinda. Anamufotokozera kuti ndalama zochuluka chonchi zikalowa kwa munthu amene analembetsa kuti ndi mlimi wamng'ono, banki imadziwitsa boma. Akaunti inali yotsekedwa kufikira atalongosola kumene kwachokera chumacho. Zake zomwe zinatsekeredwa momwemo.

Anawaimbira malume ali pakhomo pa banki. Yankho linali lalifupi: "Ukawauze kuti fodya ndi wako yense. Dzina langa lisatuluke pakamwa pako." Foni thi!

Patatha sabata ziwiri kunyumba kwa Rakele kunabwera mayi Roza Malizani, ofufuza za ndalama ochokera ku Lilongwe. Anazungulira kamunda kaja, anasuzumira m'chigafa chimodzi chopendekeka, napukusa mutu. "Chemwali, muno simungatuluke mabelo makumi anayi. Mwini wake akapanda kuoneka, kukhoti mukaima ndinu."

Ndipo lero mayiwo anali atakhala phee pabenchi la wogulitsa tomato, atamanga chitenje ngati mayi wina aliyense wodzagula ndiwo. A Kalebe sankawadziwa.

"Mvula ili pafupi, malume," Rakele anapitiriza. "Anzanga nazale yabiriwira, ine ndilibe ndi feteleza wodzaza chikho. Ndipo kundende akufuna ine, inu mukunenepa pano."

"Tsitsa mawu!" a Kalebe anamuyandikira, akunong'oneza. "Ndinakuuza kale. Nena kuti ndi wako, atsegula, undipatse zanga, nawe ndikuganizira."

"Mwamva, anthuni? Akuti ndinene kuti ndi wanga!" Rakele anatambasula manja kwa anthu onse. "Chabwino, ndavomera. Fodya yense ndi wanga. Papepala pali dzina langa, kubanki siginecha yanga. Tsono ngati fodya ndi wanga, mamiliyoni aja ndi anganso. Tsiku limene adzatsegule, ndidzakhala pansi pa mango uno nkumaitana aliyense amene anapimitsa fodya pasikelo yonamayi, ndimubwezere zimene munamubera. A Yohane, si inu munalira chaka chatha, thumba lanu la makilo makumi asanu litasanduka makumi anayi?"

"Ndine amene," anayankha mkulu wina wa chipewa chong'ambika, akusiya thumba lake pansi.

"Mayi anga anamwalira akupimitsa pomwepa, mlongo wawo weniweni akuwadya makilo. Inu simudzaona ngakhale tambala, malume. Banzi lokha ndidzakuguliraninso."

Msika unaphulika ndi phwete. Nkhope ya a Kalebe inachita thukuta. Anaiwala zonong'ona.

"Wamisala iwe! Ndalama zimene zija ndi..."

Anaima. Mayi wa pabenchi uja anali atadzuka, akutulutsa chiphaso cha ntchito ndi kabuku m'chikwama.

"Pitirizani, bambo," anatero mayi Malizani mofatsa. "Ndine wa boma. Ndikumvetsera."

A Kalebe anayang'ana njinga yawo yamoto, koma a Yohane anali atatsamira kale pachishalo, ndipo alimi ena anali atazungulira mtengo wonse. A Kalebe akati ndalamazo ndi zawo, ndiye kuti aulula okha za fodya wozembetsa pa dzina la mwini. Akati si zawo, phindu la chaka chonse lapita, mboni zili msika wathunthu.

Rakele anamwetulira koyamba chichokereni kubanki kuja. Anagwira ngowe ya sikelo, naigwedeza pamaso pawo.

"Mwakhala chete bwanji, malume? Pogula fodya mumayankhula ngati wailesi. Cholembera chili m'manja mwa mayiwa, ndipo anthu onsewa akudikira. Mabelo makumi anayi aja ndi a ndani? Anga kapena anu? Yankhani!"